BCD imodzi ndi yokwana, kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Cape Town

Ndiyambe ndi kuyeretsa dzina langa. Ndikanena kuti ndimakonda kubira, anzanga a pasukulu amayang'anana n'kuseka, chifukwa kwa wophunzira liwu limeneli limakumbutsa kapepala kobisidwa m'sokosi tsiku la mayeso. Kubira kumene ndikunena pano n'kwa m'madzi: kubereka thanki ya mpweya kumsana n'kutsikira pansi pa nyanja, zimene amazitcha scuba. Ndinaphunzira ku Nkhata Bay pa holide ina, ndi ndalama za maganyu zimene ndinasunga chaka chathunthu. Panopa ndili ku Cape Town, kumene ndikuphunzira za zamoyo za m'madzi, ndipo kumapeto kwa sabata ndimabira ndi anzanga m'madzi ozizira mpaka mano kuwombana. Mu Disembala ndimabwerera kwathu n'kukabira m'nyanja yathu yofunda. Choncho ndine munthu wa madzi awiri, ndipo nkhani ya lero yachokera pamenepo.

Chaka chatha ndinaganiza zosiya kubwereka n'kugula BCD yangayanga. Kwa amene simunabirepo, BCD ndi chovala chokhala ndi thumba la mpweya, ndipo thanki imamangiriridwa pa chovala chomwecho. Ukapopamo mpweya umayandama, ukautulutsa umamira, ukaupima bwino umangolendewera pakati pa madzi ngati nsomba, osakwera osatsika. Ndinalowa m'shopu ina ya zipangizozi n'kufotokoza kuti ndimabira kozizira komanso kofunda. Wogulitsayo anamwetulira ngati munthu amene waona mbuzi ikulowa yokha m'khola. Anati ndikufunika ziwiri: chijekete chachikulu chotha kunyamula makilogalamu oposa 20 cha kuno, ndi kena kopepuka kapaulendo ka kunyanja kwathu. Atawonkhetsa mitengo, ndalamazo zinaposa lendi yanga ya miyezi itatu. Nditayamba kukanda m'mutu, anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti: "Kodi moyo wako ndi wa ndalama zingati?"

Funso limenelo ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Ndi funso lachinyengo, ndipo limakola kwambiri anthu ngati ife, ophunzira ndi ongomaliza kumene sukulu, amene tili ndi ndalama zochepa koma mantha ambiri. Mfundo yanga ndi iyi: munthu wobira ndi thanki imodzi, amene sapitirira mamita 30 kapena 40, safunika ma BCD awiri, ndipo safunika chijekete chachikulu ngati tenti. Akufunika imodzi ya msinkhu wapakati yokhala ndi malamba osinthika, kenako aphunzire kuyeza mtovu umene amamanga m'chiuno kuti amire. Amene akukuuzani kuti BCD yaikulu ndiyo chitetezo akukugulitsani chinthu chimene chimabisa kulakwitsa kofala ndiponso koopsa, kumene kuli kumanga mtovu wochuluka. Umboni wake ndi masamu amene tonse tinadutsamo ku sekondale.

Ntchito yake yeniyeni

Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga chipangizo chopumira pansi pa madzi mu 1943, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankabira popanda BCD n'komwe. Ankapima mtovu wawo mosamala, zotsalazo n'kumalamulira ndi mapapo komanso miyendo. Mu 1961 Maurice Fenzy wa ku France anatulutsa thumba la mpweya lovala m'khosi, ndipo majekete amene tikuwadziwa lero anabwera m'zaka za m'ma 1970. Mbiri imeneyi ikutikumbutsa kuti chipangizochi chinabwera kudzathetsa vuto limodzi lodziwika bwino: kulemera kwa munthu m'madzi kumasintha pamene akubira. BCD imabwezera kusiyana kumeneko, basi. Siinapangidwe kuti izikhala chikepe chonyamula munthu amene wadzimangirira miyala.

Lamulo la Archimedes limati madzi amakukankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene wawachotsa pamalo pake. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Ndiye kuti lita iliyonse ya mpweya imene mwapopa m'thumba imakunyamulani ndi kilogalamu imodzi. Akanena kuti BCD iyi ndi ya makilogalamu 13, akungotanthauza kuti thumba lake limalowa malita 13. Funso loyenera kufunsa m'shopu ndi lakuti: pa nthawi imene ndidzakhale wolemera kwambiri pansi pa madzi, ndidzafunika malita angati? Kuti tiyankhe tiyenera kudziwa zinthu zimene zimasintha munthu akamabira, ndipo zilipo ziwiri zokha.

Choyamba ndi thanki. Mpweya umalemera, ngakhale sitiumva. Lita imodzi ya mpweya imalemera pafupifupi magalamu 1.2. Thanki ya malita 12 yodzazidwa mpaka 200 bar ili ndi malita 2,400 a mpweya, amene ndi makilogalamu pafupifupi atatu. Mukamapuma, kulemera kumeneku kumatuluka ngati thovu. Choncho mumapima mtovu wanu poganizira mapeto, thanki itatsala pang'ono kutha, ndipo poyamba mumakhala wolemera ndi makilogalamu atatu owonjezera. Nambala imeneyi ndi yofanana ku Nkhata Bay, ku Cape Maclear kapena ku False Bay. Madzi ozizira sawonjezera kanthu pamenepa.

Chachiwiri ndi chovala choteteza kuzizira, wetsuit. Imapangidwa ndi labala yotchedwa neoprene, yodzaza ndi timathovu ting'onoting'ono ta mpweya. Timathovu timeneti ndi timene timasunga kutentha, ndipo ndi tomweto timene timayandamitsa munthu. Mukamatsika, madzi amapanikiza. Pamwamba pa nyanja yamchere mphamvu yopanikiza ndi 1 bar, pa mamita 10 ndi 2 bar, pa 20 ndi 3 bar, pa 30 ndi 4 bar. Lamulo la Boyle limati kupanikiza kukawirikiza, mpweya umafinyika ndi theka. Wetsuit imaphwa, imataya kuyandama kwake, koma mtovu wa m'chiuno sutaya kanthu. Kusiyana kumeneko ndi kumene BCD iyenera kutseka.

Tiyeni tiwonkhetse

Mukhoza kuyeza wetsuit yanu nokha. Iikeni m'thumba la ukonde, inyowe bwino, muziwonjezera mtovu m'thumbamo mpaka limire. Ine ndinachita zimenezi m'dziwe losambiramo. Wetsuit yanga ya mamilimita atatu, imene ndimavala kunyanja kwathu kumene madzi a pamwamba amakhala pakati pa madigiri 23 ndi 29, inafuna makilogalamu awiri. Ya mamilimita 7 yokhala ndi chovala chapamwamba ndi chipewa chake, imene ndimavala kuno, inafuna makilogalamu 9. Ndipo kuno kumazizira ndithu. Mbali ya Atlantic madzi amatsika mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo, ndipo chodabwitsa n'chakuti zimenezi zimachitika m'miyezi yotentha ya Disembala ndi Januwale, pamene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imakankha madzi a pamwamba, ozizira a pansi n'kukwera.

Tiyerekeze choipitsitsa, kuti wetsuit yataya kuyandama kwake konse, zimene sizichitika n'komwe pa mamita 30. Kunyanja kwathu: awiri a wetsuit kuphatikiza atatu a thanki, makilogalamu asanu. Ku Cape Town: 9 kuphatikiza atatu, makilogalamu 12. Thumba la makilogalamu 13 kapena 14 likukwanira konsekonse. Pali muyeso wina umodzi woti tiuganizire: mukavula zipangizo pamwamba pa madzi kuti mukwere m'boti, BCD iyenera kuyandamitsa thanki yodzaza ndi zonse zomangiriridwapo popanda thandizo la thupi lanu. Ngati mtovu wambiri uli pa lamba wa m'chiuno, thumba lomwelo limakwanitsa. Nanga makilogalamu oposa 20 amene mkulu uja ankandigulitsa anali onyamulira chiyani?

Ena anena kuti ndaiwala mchere. Sindinaiwale. Madzi a m'nyanja yamchere amalemera pafupifupi makilogalamu 1.025 pa lita, pamene a m'nyanja ya Malawi ali pafupi ndi kilogalamu imodzi. Ine ndi zipangizo zanga zonse timalemera pafupifupi makilogalamu 90, choncho m'madzi amchere ndimayandama ndi makilogalamu awiri ndi pang'ono kuposa kwathu. Mankhwala ake ndi timiyala tiwiri ta mtovu pa lamba. Mchere susintha pamene mukutsika kapena kukwera, ndiye sufuna lita ina iliyonse m'thumba. Chimene chimasintha pakati pa Nkhata Bay ndi Cape Town ndi wetsuit komanso mtovu. Zonse ziwiri si BCD.

Tsiku limene ndinagwira tsinde la kelp

Sindikulankhula za m'buku zokha. Ulendo wanga woyamba kubira ku False Bay ndinabwereka zonse. Anandipatsa chijekete chachikulu chokhala ndi matumba mbali zonse, ndipo mnyamata wa paboti anandimangira mtovu wa makilogalamu 14, akuti pofuna kutsimikiza kuti ndimire. Sindinafunse. Ndinali mlendo, ndinkazizidwa, ndipo ndinkachita manyazi kuoneka ngati sindidziwa. Paja amati safunsa anadya phula. Ndinamira ngati nyundo. Pofika pamchenga pa mamita 20 ndinali nditapopa mpweya kambirimbiri, ndipo jeketeyo inkangolandira popanda kudandaula.

Vuto linabwera pobwerera. Tinkakwera pang'onopang'ono m'mbali mwa miyala kulowera m'nkhalango ya kelp, zomera zazitali zija zimene zimamera pamiyala n'kufika pamwamba pa madzi. Titafika cha pa mamita 8 ndinamva jekete ikundifinya m'nthiti n'kuyamba kundikoka. Ndinafufuza chingwe chotulutsira mpweya, koma zala zinali m'magolovesi okhuthala ndipo zinali zitachita dzanzi. Kompyuta ya padzanja inayamba kulira. Ndinatambasula dzanja n'kugwira tsinde la kelp, ndipo ndinalendewera pamenepo miyendo ili m'mwamba mpaka mnzanga anafika n'kundikokera chingwecho. Sindinavulale. Koma munthu amayenera kukwera osapitirira mamita 9 kapena 10 pa mphindi imodzi, n'kuima mphindi zitatu pa mamita asanu. Ukakwera mothamanga, nayitrojeni amene wasungunuka m'magazi amatha kuchita thovu ngati botolo la chakumwa limene walikhutchumula n'kulitsegula, ndipo ukagwira mpweya chifukwa cha mantha mapapo amatha kung'ambika. Makina othandizira matenda amenewa sapezeka pagombe lililonse.

Sabata yotsatira ndinayeza mtovu wanga moyenera. Ndi jekete yomweyo ndinkafunika makilogalamu 9. Asanu enawo anali opanda ntchito. Tsopano onani zimene asanuwo anachita. Kuti ndilendewere pa mamita 20 ndinayenera kuika malita asanu owonjezera m'jekete. Pa mamita 20 kupanikiza ndi 3 bar, pa mamita asanu ndi 1.5 bar, ndiye malita asanu aja anasanduka 10. Pamwamba akanakhala 15. Pa nthawi yomweyo wetsuit nayo inkafufuma kubwerera mwakale. Kilogalamu iliyonse ya mtovu wosafunika imabala thovu limene limakula pamene mukukwera, ndipo limakula mofulumira kwambiri m'mamita 10 omaliza, pamene mukufunika kudekha.

Apa ndi pamene mkangano wanga ndi mkulu wa m'shopu uja wagona. Ndikanakhala ndi thumba laling'ono tsiku limenelo, likanadzaza msanga, ndipo tonse tikanaona tisanapite patali kuti mtovu wachuluka. Chijekete chachikulu chinameza kulakwitsako mwakachetechete n'kudzandibwezera pa malo oipa. Ndiponso taganizirani izi: thumba la makilogalamu 22 likabooka, kapena paipi yake ikazuka, limanyamula ziro, chimodzimodzi la makilogalamu 13. Tsiku loterolo chimakupulumutsa n'chakuti sunalemere kwambiri moti sungathe kupalasa ndi miyendo, ndiponso kuti mbali ina ya mtovu wako ili pa lamba amene ungamumasule ndi dzanja limodzi.

Mbale, malamba ndi thumba

Nanga munthu wa madzi awiri agule chiyani? Pali mfundo imodzi yoona imene wogulitsa uja akanainena m'malo mondiopseza. Majekete amasokedwa m'masaizi ngati malaya. Imene ikukukwanani mutavala mamilimita atatu imathina mukavala mamilimita 7 kawiri, ndipo imene ikukwana kozizira imakhwepa kofunda, thanki n'kumagubuduzika kumsana. Limeneli ndi vuto lenileni. Koma yankho lake linapezeka kalekale. Anthu obira m'mapanga a ku Florida anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kugwiritsa ntchito chimene lero amachitcha backplate and wing: mbale yachitsulo yakumsana, lamba mmodzi wautali wolowetsedwa m'mabowo a mbaleyo, ndi thumba la mpweya looneka ngati tayala limene limakhala pakati pa mbale ndi thanki.

Ubwino wake ndi wakuti zidutswa zitatuzi zimapatukana. Lamba alibe saizi. Mumamukoka kapena kumumasula mogwirizana ndi chimene mwavala, ndipo akatha mumagula wina pa mtengo wa chakudya cha masana. Thumba likabooka mumasintha thumba lokha. Mbale siitha, idzakwirira mwini wake. Ya chitsulo chosachita dzimbiri imalemera makilogalamu pafupifupi awiri ndi theka kapena atatu, zimene zikutanthauza kuti kuno lamba wanga wa mtovu unatsika kuchoka pa 9 kufika pa 6. Kulemera kumeneko kwasamukira kumsana, pamwamba pa mapapo, pamene thupi limayandama kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti munthu amagona chafufumimba m'madzi, mosalala, m'malo moyenda choimirira ngati akukwera masitepe.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, chifukwa sindikufuna kuchita zomwe ndikudzudzula. Mbale yachitsulo ikakumana ndi thanki yachitsulo, wetsuit yopyapyala ndi madzi opanda mchere, mukhoza kupezeka kuti mwalemera kale musanamange mtovu uliwonse, ndipo mulibe choti mutaye zinthu zikavuta. Nyanja ya Malawi si dziwe. Malo ena imazama mpaka mamita pafupifupi 700, ndipo cha kumpoto pansi pake pamatsetsereka mofulumira. Ine kwathu ndimabira ndi thanki ya aluminiyamu, imene imayandama ikamatha, ndiye mbale yachitsulo imandikwanira bwino. Ngati kumene mukupita kuli mathanki achitsulo, pezani mbale yachiwiri ya aluminiyamu, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa BCD yachiwiri. Muyeso wake ndi wosavuta: pamalo osazama, mnzanu ali pambali, tulutsani mpweya wonse m'thumba muone ngati mungathe kukwera ndi miyendo yokha.

Zimene otsutsa amanena

Amati wing imakugwetsa nkhope m'madzi ukakhala pamwamba. Zimachitika ndithu, makamaka ukaipopa mpaka kulimba ngati mpira, kapena lamba wapakati pa miyendo akakhala womasuka. Ukapopa pang'ono n'kutsamira chagada, vutolo limachepa. Amati ilibe matumba. N'zoona, ndipo amene amakonda kunyamula tochi, kamera ndi zina ayenera kuzikoleka pa mphete kapena kusokera thumba pa ntchafu ya wetsuit. Amati imatenga nthawi kuikonza kuti ikukwane. N'zoonanso, ine inandidyera masana athunthu. N'chifukwa chake masukulu ophunzitsa kubira amakonda majekete, popeza amaveka anthu osiyanasiyana tsiku lililonse, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma chimene chili chosavuta kwa sukulu yobwereketsa sichiyenera kukhala lamulo kwa munthu amene akugula chakechake.

Ndivomerezenso kuti si aliyense ayenera kugula. Ngati mumabira kawiri pa chaka, bwerekani, ndalamazo mulipirire maulendo ena obira. Ngati muli kale ndi jekete imene imakukwanani pa wetsuit zonse ziwiri, musaitaye chifukwa cha nkhani ya pa intaneti. Ingochepetsani mtovu. Ndipo amene amabira mozama ndi mathanki awiri kumsana amafunikadi thumba lalikulu, chifukwa mpweya wawo wokha umalemera kawiri. Koma thumba lomwelo ukaliika pa thanki imodzi limapindika m'mbali mwa thanki n'kutsekera mpweya m'makona amene sungautulutse msanga. Kukula kopanda ntchito kuli ndi mtengo wake ngakhale pa wing. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madzi ozizira ali ndi zofuna zake zenizeni, ndipo ndalama zimene ndikanawononga pa BCD yachiwiri zinapita kumeneko. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20. Munthu wozizidwa amapuma kwambiri, amaganiza mochedwa, ndipo zala zake zimakanika ngakhale kukoka chingwe, monga ndinaonera ndekha. Choncho gulani wetsuit yokukwanani bwino, chipewa ndi magolovesi. Ngati mudzabira m'madzi osafika madigiri 10, onetsetsani kuti regulator yanu ndi yovomerezeka pa madzi ozizira, chifukwa muyeso wa ku Ulaya wa EN 250 umaika malire pamenepo. Ndipo poyesa BCD m'shopu valani magolovesi okhuthala, mutseke maso, muone ngati mungapeze chotulutsira mpweya ndi chomasulira lamba. Muyeso umenewo ndi wofunika kuposa nambala yaikulu yolembedwa pa kapepala ka mtengo.

Chifukwa chake zikutikhudza

Wina afunsa kuti nkhani ya anthu osewera m'madzi ikutikhudza bwanji. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsombazi. Mbuna zimadya ndere za pamiyala. Nsomba zina zazimuna zimamanga timabwalo ndi timilu tamchenga pansi pa nyanja tokopera zazikazi, ntchito ya masiku ambiri yochitidwa ndi pakamwa. Munthu womanga mtovu wochuluka amayenda miyendo ili pansi, akupalasa mchenga, ndipo amagumula zonsezo osadziwa n'komwe. Ndaziona ndi maso anga, ndipo masiku oyambirira ndinazichitapo.

Chinanso chimandiwawa. Pa anthu amene ndinaphunzira nawo kubira ku Nkhata Bay, Mmalawi ndinali ndekha. Ena onse anali alendo odutsa. Tili ndi anyamata ndi atsikana amene amaliza maphunziro a za usodzi ndi zachilengedwe, amene angakuuzeni mayina a Chilatini a mbuna koma sanaionepo ili pakhomo pake. Chimawatsekereza kwambiri ndi mtengo. Ndiye munthu akabwera n'kuwonjezera mtengowo kawiri ndi mantha opanda masamu, amakweza mpanda umene ndi wautali kale. Wophunzira amene wauzidwa kuti akufunika ndalama za lendi ya miyezi itatu kuti angoyamba amabwerera pakhomo la shopu, ndipo nyanja yathu imapitiriza kufotokozedwa ndi anthu ena.

Zoti muchite

Musanagule kanthu, yezani mtovu wanu. Pamapeto pa kubira, thanki itatsala ndi 50 bar, imani pa mamita asanu n'kutulutsa mpweya wonse mu BCD. Ngati mukumira, mtovu wachuluka: chotsani kilogalamu imodzi ulendo wotsatira. Ngati mukulephera kukhazikika, onjezerani imodzi. Lembani m'buku lanu zinthu zinayi nthawi zonse: wetsuit imene munavala, mtundu wa thanki, madzi amchere kapena ayi, ndi mtovu. Mukafika kunyanja kwathu kumbukiraninso kuti ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo malamulo a kubira amasintha munthu akapitirira mamita 300, choncho onani ngati kompyuta yanu ikudziwa zimenezo. Ndipo wina akakumangirani mtovu wongoyerekeza kuti mumire msanga, funsani. Manyazi a mphindi imodzi paboti ndi opepuka kuposa kulendewera pa tsinde la kelp.

Ine ndinagula mbale yachitsulo yogwiritsidwa kale ntchito kwa wobira wina amene ankasamuka, lamba watsopano ndi wing ya makilogalamu 13. M'buku langa mwalembedwa mizere iwiri. False Bay: mamilimita 7, thanki yachitsulo, makilogalamu 6. Nkhata Bay: mamilimita atatu, thanki ya aluminiyamu, kilogalamu imodzi. Pakati pa mizere iwiriyi ndimangokoka lamba masentimita angapo. Mu Disembala ndimamasula zidutswa zitatu zija n'kuziyala pansi pa sutikesi, ndipo m'makilogalamu 23 amene a ndege amalola mumatsalabe malo a nsalu ya amayi ndi nsapato za mng'ono wanga.

Kwa mkulu wa m'shopu uja, yankho la funso lanu lija ndi ili. Moyo wanga ndi wamtengo wapatali, n'chifukwa chake ndinakhala pansi n'kuwonkhetsa 9 ndi 3 ndisanatulutse khadi la kubanki.